Khutu la Woyesa: Mbiri ya Mayeso a Cingelezi Colankhula

Mwana akalemba mayeso a masamu, pepala lace limatsala. Mphunzitsi angathe kuliconga usiku pa nyali, naliperekanso kwa mnzace m'mawa kuti aone ngati waconga molungama. Ndipo awiriwo akatsutsana, pepala liri pomwepo kuti liwaweruze. Koma mau otuluka pakamwa pa mwana satsala. Amveka kamodzi napita, ndipo cotsala ndi cokhaco cimene woyesa akumbukira kuti anamva. Cifukwa ca ici, kuyesa ngati mwana adziwa kulankhula Cingelezi, pamene Cingelezico si cinenero ca amai ace, kwakhala nchito yobvuta koposa mayeso ena onse a m'sukulu. Anthu alimbana nayo zaka zoposa 170, ndipo mbiri yace isonyeza cinthu cimene ambiri sanaciyembekeze: kawirikawiri wosokera sanali mwana woyesedwayo, koma munthu wamkulu womumvetsera.

M'caka ca 1846 Nyumba ya Malamulo ya ku London inalamula kuti maphunziro a m'dziko la Wales afufuzidwe, makamaka njira zimene anthu wamba anali nazo zophunzirira Cingelezi. Wales ndi dziko la mapiri kumadzulo kwa England, ndipo masiku amenewo anthu ocuruka a kumeneko analankhula Ciwelshi kunyumba, kumunda ndi kuchalichi, ambiri osadziwa Cingelezi konse. Boma linatuma amuna atatu: R. R. W. Lingen, J. C. Symons ndi H. V. Johnson. Onse anali ophunzira kwambiri, koma panalibe mmodzi mwa iwo wodziwa Ciwelshi. Anayenda m'masukulu ndi owathandiza, namvetsera ana alikuwerenga, nawafunsa mafunso a m'Buku Lopatulika ndi a za maiko, nalemba mayankho ao, makamaka mayankho osokonezeka ndi oseketsa. Malipoti ao anatuluka m'1847 m'mabuku a cikuto ca buluu, ndipo anthu a ku Wales anapwetekedwa nao mtima kotero kuti kufikira lero acha nkhaniyi Ciwembu ca Mabuku a Buluu.

Zina zimene amuna atatuwo anaona zinali zoona ndithu. Anapeza ana owerenga Cingelezi mokweza, mzere ndi mzere, osadziwa tanthauzo la mau amene anali kuchula. Anapeza aphunzitsi amene Cingelezi cao cinali copunduka, ophunzitsa cinenero cimene iwo eni sanacigwire. Koma anaonanso cinthu cina cimene cikadayenera kuwatsegula maso. M'masukulu a Sabata, m'mene Ciwelshi cinali kugwira nchito, anthu omwewo, ana ndi akulu, anali kuwerenga bwino ndi kukambirana zimene awerenga. Mwana yemweyo anali mbuli Lolemba ndi wanzeru pa Sabata. M'malo mofunsa cifukwa cace, ofufuzawo anagamula kuti Ciwelshi ndico cotsekereza anthu m'mdima, naonjezapo mau onyoza makhalidwe ao, makamaka a akazi. M'masukulu ena a nthawi imeneyo munali kathabwa kamene anakoleka pakhosi pa mwana wogwidwa alikulankhula Ciwelshi. Iye anakapereka kwa mnzace amene anamumva atalankhulanso, ndipo wotsala nako madzulo ndiye anakwapulidwa. Aphunzitsi akale a m'dziko lino safuna wowamasulira mwambo umenewu, pakuti m'masukulu ambiri a kuno munali abale ace.

Lingen yemwe uja anakwezedwa nakhala mlembi wamkulu wa za maphunziro ku London, ndipo m'1862, pamodzi ndi nduna Robert Lowe, anakhazika lamulo latsopano la malipiro. Thandizo la Boma kwa sukulu linayamba kudalira mayeso a mwana aliyense payekha. Pa mwana wopitirira zaka 6 sukulu inalandira 4s. cifukwa ca kufika kwace, ndi 8s. ngati apambana pa kuwerenga, kulemba ndi masamu. Pa phunziro lirilonse limene walephera anacotsapo 2s. 8d. Kamodzi pa caka woyendera masukulu anafika, naitana ana mmodzi mmodzi, namva aliyense alikuwerenga mokweza ndime ya m'buku la kalasi lace. Ku Wales mayeso amenewa anali a m'Cingelezi. Popeza cakudya ca mphunzitsi cinali pa lilime la mwana tsiku limodzi lokhalo, aphunzitsi anacita cimene munthu aliyense wanjala akadacita: anabwerezetsa ana buku lomwelo caka conse kufikira ataliloweza pamtima. Matthew Arnold, amene anayendera masukulu zaka 35, anacenjeza m'malipoti ace kuti nkotheka kupambanitsa ana pa mayesowo iwo osadziwa kuwerenga kwenikweni. Lamulolo linafooka pang'ono pang'ono natha m'zaka za m'ma 1890, koma cizolowezi cimene linabala cinaoloka nyanja pamodzi ndi masileti ndi mabuku, nicifika kulikonse kumene Angelezi anamanga sukulu.

Cinthu coyamba cimene cinanyenga khutu la woyesa ndi cimeneci: mau omveka bwino opanda kanthu m'kati, monga cikwa ca nkhono cimene mwini wace anaturukamo kale.

Kufikira apa palibe anayesa kulankhula kwenikweni, ndiko kuti mwana apange mau ace ace poyankha munthu. Oyamba kuika kuceza m'mayeso ochuka a Cingelezi ca alendo anali a ku Cambridge, m'mwezi wa June 1913, pa mayeso ochedwa Certificate of Proficiency in English. Sanali mayeso a ana ai. Anali a akulu a maiko ena ofuna kukaphunzitsa Cingelezi kwao. Anatenga maora 12, ndipo malipiro ace anali £3. Mwa maora onsewo ora limodzi lokha linali la pakamwa ndi khutu: theka la ora kulemba zimene woyesa anali kuchula, ndi theka lina kuwerenga mokweza ndi kuceza naye. Koma panali pepala lina la ora ndi theka lofunsa za kachulidwe ka mau, ndi kulemba mauwo m'zilembo zapadera za akatswiri. Kotero munthu anathera nthawi yambiri polongosola pa pepala mmene lilime likhalira pochula mau, koposa nthawi imene analankhuladi. Analowa anthu atatu, ndipo panalibe wopambana. Pepala la kachulidwe lija analicotsa m'1932.

Kuceza kutalowa m'mayeso, panabuka funso limene liri pamtima pa mbiri yonseyi. Kodi oyesa awiri akamva munthu mmodzi, adzampatsa malikisi ofanana? M'1935 Sir Philip Hartog ndi E. C. Rhodes anasindikiza buku lochedwa An Examination of Examinations, ndiko kunena kuyesa mayeso eni ace. Mwa zina anasonkhanitsa magulu awiri a oyesa, anthu omveka ndi ozolowera nchitoyi, nawapatsa ophunzira 16 omwewo kuti gulu lirilonse liceze nao padera ndi kuwandanda monga mwa nzeru zao. Amene gulu loyamba linamuika patsogolo pa onse, gulu laciwiri linamuika pa nambala 13. Ophunzirawo anali eni Cingelezi, ndipo oyesawo sanali aulesi kapena acinyengo. Aliyense anaweruza ndi mtima woona. Cimene cinaoneka ndi cakuti munthu akamamvetsera mnzace, amamva zambiri zosakhala mau: nkhope, maimidwe, kulimba mtima, ndi kufanana kwa wolankhulayo ndi anthu amene iye amawakonda.

Munthu amene analimbana ndi bvuto limeneli pa Cingelezi ca alendo anali J. O. Roach, wa m'bungwe la mayeso la Cambridge. M'masiku a nkhondo yaciwiri ya dziko lonse ku Britain kunadzaza asilikari ndi othawa nkhondo a mitundu yambiri, ofuna satifiketi ya Cingelezi, ndipo oyesa anacuruka namwazika m'malo ambiri. Roach anakhazika oyesa angapo kuti amve munthu mmodzi pamodzi, aliyense alembe malikisi ace mobisa, ndipo pambuyo pace awayerekeze ndi kukambirana cifukwa ca kusiyana kwao. Anajambulitsanso mau a oyesedwa ena pa zimbale za galamafoni, kuti woyesa wa kutali amve citsanzo ca wopambana bwino, ca wopambana pang'ono ndi ca wolephera, nalinganize khutu lace ndi makutu a anzace. Zopeza zace anazilemba m'1945. Motero mau olankhula anagwidwa ngati pepala, nabwezedwa kawiri katatu pamaso pa oweruza. Nzeru ya Roach inali yapafupi, yonga imene makolo ananena kuti mutu umodzi susenza denga. Koma inatembenuza nkhani yonse, pakuti tsopano woyesa ndiye anayamba kuyesedwa.

M'zaka za m'ma 1950 Boma la America, pofuna kudziwa ngati akazembe ace adziwadi zinenero za maiko kumene atumidwa, linaonjeza cinthu cina. Linalemba makwerero 6, kuyambira 0 kufika 5, ndipo khwerero lirilonse linalongosoledwa ndi nchito imene munthu angathe kuicita ndi cinenero: wina angathe kufunsa njira ndi kugula cakudya basi, wina angathe kuceza za nchito yace, wina angathe kutsutsana pa nkhani zakuya. Oyesa anali awiri, wina woceza ndi wina womvetsera. Kuyambira pamenepo funso linaleka kukhala lakuti munthu walakwa kangati, nilikhala lakuti angathe kucita ciani.

Zonsezi zinali za akulu, ndi za kutali. Koma m'zaka zomwezo funso la Cingelezi ca ana linali litafika kale m'dziko lino, lochedwa Northern Rhodesia masiku amenewo. Masukulu oyamba anali a mamishoni. Kum'mawa kuno a Dutch Reformed Church anayamba pa Magwero m'1899, ndipo ena anatsata. M'1924 gulu la Phelps-Stokes linayendera dziko, ndipo m'1925 G. C. Latham anaikidwa kukhala woyang'anira maphunziro a anthu akuda. M'1927 anasankha zinenero zinai zophunzitsira ana m'zaka zoyamba: Cibemba, Cinyanja, Citonga ndi Cilozi. Cingelezi cinalowa monga phunziro, ndipo m'makalasi apamwamba okha ndimo cinasanduka cinenero cophunzitsira maphunziro onse. Makolo anacifuna kwambiri Cingelezico, ndipo sanalakwe, pakuti ndico cinatsegula khomo la ukalaliki pa boma, la usitolo ndi la nchito zopepuka ku migodi. Mnyamata wofuna nchito anayesedwa ataimirira pakhomo pa ofesi, cipewa ciri m'manja, ndi Mzungu amene analibe galamafoni kapena makwerero, koma khutu lace ndi mtima umene anadzuka nao tsiku limenelo.

M'sukulu ya kumudzi zinthu sizinasiyane kwambiri. Woyendera masukulu akafika pa njinga anali ndi maora owerengeka, ndipo anayenera kuona kaundula, munda, cimbudzi ndi denga. Pa Cingelezi anafunsa mafunso amene mphunzitsi aliyense anawadziwiratu: dzina la mwana, kwao, ndi dzina la cinthu cimene mlendoyo ananyamula m'manja. Ana anali atakonzedwa masabata ambiri, ndipo anayankha ndi liu limodzi lomveka kutsidya kwa dambo. Mlendo anakondwa, mphunzitsi anapuma, ndipo palibe anadziwa kuti mwa ana 40 aja ndi angati akadatha kupempha madzi akumwa m'Cingelezi. Mayeso otsegula njira ya ku masukulu apamwamba, monga Munali imene inayamba m'1939, anali a pa pepala.

Kusintha kwakukuru kunadza ndi ufulu. M'1963 gulu la UNESCO lotsogozedwa ndi W. C. Radford wa ku Australia linafufuza maphunziro a dziko lino, nililangiza kuti Cingelezi cikhale cophunzitsira kuyambira tsiku loyamba la sukulu. Boma la Zambia, nduna ya maphunziro ali John Mwanakatwe, linabvomera m'1965, ndipo m'1966 cinthuco cinalowa m'malamulo. Zifukwa zace sizinali zopusa: dziko la zinenero zambiri linafuna cinenero cimodzi cosakondera mtundu uliwonse, ndipo aphunzitsi ndi ana anali kusamuka kucoka cigawo cina kunka cina. Ku Lusaka anatsegula malo okonzera mabuku, natsata citsanzo ca ku Kenya, naturutsa maphunziro ochedwa Zambia Primary Course. Maziko ace anali ciphunzitso cochuka ca masiku amenewo, cakuti cinenero ndi cizolowezi ca pakamwa: mwana ayambe wamva, kenaka anene, ndipo kuwerenga ndi kulemba zidze pambuyo. Mphunzitsi ananyamula buku nanena kuti "This is a book," ana nabwereza. Nasintha cinthu, ana nasintha liu limodzi m'ciganizo.

Apa pali cododometsa. Maphunziro onse anamangidwa pa kulankhula, koma mayeso a Giredi 7, amene anagamula za mwana wopitirira ndi wobwerera kumudzi, anali a mafunso osankha yankho, ocongedwa ndi makina, opanda liu limodzi lotuluka pakamwa. Si Zambia yekha anacita cotero. Robert Lado, amene buku lace la 1961 lonena za mayeso a zinenero linawerengedwa m'maiko ambiri, anabvomera kuti kuyesa kulankhula ndiko kunatsalira koposa, nalangiza njira zoyesera kachulidwe pa pepala, monga kufunsa ngati mau awiri olembedwa amveka cimodzimodzi. Ndi njira yocenjera, koma ifanana ndi kuyesa mmisiri wa mitondo pomfunsa maina a mitengo. Ndipo popeza ciwerengero ca ana m'masukulu a pulaimale cinawirikiza kawiri m'zaka 10 zoyamba za ufulu, ndi masukulu ambiri anaphunzitsa gulu lina m'mawa lina masana, mphunzitsi analibe mpata womva mwana mmodzi mmodzi. Anatsala ndi kuyankhira pamodzi. Cikalata ca kukonzanso maphunziro ca 1977 cinabvomera kuti mwana aphunzira bwino m'cinenero cace, komabe cinasunga Cingelezi pa malo ace.

Zipatso zace zinaoneka poyera m'zaka za m'ma 1990, pamene Eddie Williams wa ku University of Reading anayerekeza ana a ku Zambia ndi a ku Malawi. Ku Malawi ana anaphunzira m'Cicewa zaka zinai zoyamba, Cingelezi ciri phunziro cabe. Ku Zambia anaphunzira zonse m'Cingelezi kuyambira Giredi 1. Munthu akadayembekeza kuti a ku Zambia adzapambana kutali pa Cingelezi. Sikunatero ai. Pa kuwerenga Cingelezi magulu awiriwo anali pafupi kufanana, koma pa kuwerenga cinenero ca kwao a ku Malawi anasiya anzao kutali. Williams anayesa kuwerenga, si kulankhula. Koma zimene anaona atakhala m'makalasi zikhudza nkhani ino. Mphunzitsi ananena ciganizo, kalasi lonse linabwereza, mzere umodzi unabwereza, mwana mmodzi anabwereza, ndipo phunziro linatha popanda wofunsa tanthauzo. J. K. Chick, amene anaona zomwezo m'masukulu a KwaZulu ku South Africa, analemba m'1996 kuti kuyankhira pamodzi kotere ndi pangano losanenedwa pakati pa mphunzitsi ndi ana: licinjiriza ana ku manyazi a kulakwa, licinjiriza mphunzitsi ku manyazi a kuoneka kuti sanamveke, ndipo woimirira panja amva phokoso la sukulu yoyenda bwino. Ndi kalasi lomwe lija la ku Wales, patapita zaka 150.

Koma mphunzitsi akaleka kuyankhira pamodzi naitana mwana mmodzi patsogolo, akumana ndi cinyengo cina coopsa koposa, ndico cete. Amene anacionetsa bwino ndi William Labov wa ku America, m'nkhani imene analemba m'1969. Masiku amenewo akatswiri ena ananena kuti ana a anthu akuda osauka a m'mizinda ya America alibe cinenero cokwanira, ndipo umboni wao unali mayeso otere: munthu wamkulu aika kanthu koseweretsa pa tebulo, nauza mwana kuti anene zonse zimene angathe za kanthuko. Mwana ayankha liu limodzi, nakhala cete nthawi yaitali, nayankhanso liu limodzi. Labov anatuma mnzace wa nchito, munthu wakuda wodziwa bwino dera la Harlem mu New York, kukaceza ndi mnyamata wa zaka 8. Ngakhale wofunsayo anali wa mtundu wace ndi waubwenzi, mnyamatayo anayankha mwa apo ndi apo, monga munthu wa pamlandu. Tsono anasintha zinthu zocepa. Anabwera ndi kathumba ka mbatata zokazinga kuti adyere pamodzi. Anaitana bwenzi lace la mnyamatayo. Wofunsa, amene anali wamtali kwambiri, anakhala pansi kuti mitu yao ilingane. Ndipo analowetsa nkhani zimene ana amanena akulu palibe. Mnyamata yemwe uja anayamba kulimbirana mau ndi bwenzi lace, kutsutsa, kuseka ndi kukana mirandu, kotero kuti wofunsa anasowa mpata.

Anawo anali olankhula Cingelezi ca mtundu wao cibadwire, si ophunzira cinenero cacilendo. Koma phunziro lace ligwira koposa pa mwana wa ku Katete kapena ku Petauke. Iye waleredwa kuti pamaso pa wamkulu agwade, agwetse nkhope, ayankhe mwacidule ndi liu lotsika, ndipo asacurutse mau ngati sanafunsidwe. Cimene kunyumba ciyesedwa ulemu, pa pepala la woyesa cilembedwa kuti umbuli. Ndipo mwana wa mwano pang'ono, wosaopa kuyang'ana mlendo m'maso, atola malikisi amene mnzace wofatsa anayenera kugawana naye. Kwa atsikana mtolo umenewu ulemera kawiri. Palinso cina cimene openyetsetsa ana aona m'maiko ambiri: mwana wolowa m'cinenero catsopano akhoza kukhala masabata kapena miyezi osanena kanthu, m'kati alikumva ndi kusunga. Wotere akauzidwa m'Cingelezi kuti atseke citseko ndi kubwera ndi coko, acita bwino lomwe, ngakhale sangathe kunena cimene wacita. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Kuti ciwiya coyesera cingathe kubisa nzeru ya mwana, cinaonekanso kuno komwe. Robert Serpell wa ku University of Zambia anasindikiza m'1979 zimene anapeza atapatsa ana a ku Lusaka ndi a ku Manchester zithunzi zomwezo kuti azitsanzire. Pojambula ndi pensulo pa pepala a ku Manchester anapambana. Popinda waya, monga acitira anyamata popanga timagalimoto, a ku Lusaka anapambana. Poumba ndi dongo anafanana. Nzeru inali imodzi, koma inaturukira pa khomo limene mwana analizolowera. Pakamwa napo pali makomo otere: mwana wosayankha funso la mlendo angathe kufotokozera mnzace mmene acherera msampha wa mbewa.

Cinyengo cotsiriza ndi cosiyana ndi cete, ndipo cinaoneka ku North America. M'1974 bwalo lalikuru la mirandu la ku America, pa mlandu wa Lau ndi Nichols, linagamula kuti masukulu a mu San Francisco analakwira ana a Cichaina pafupi 1,800 powakhazika m'makalasi a Cingelezi opanda thandizo. Kucokera pamenepo masukulu anayenera kudziwa mwana wofuna thandizo ndi amene wakhwima, ndipo mayeso ambiri a pakamwa anapangidwa, ambiri a iwo a zithunzi zimene mwana afotokoza. Koma mwana akayamba kuceza momasuka pabwalo, aphunzitsi anati wadziwa, namcotsera thandizo. Ndipo akalephera m'kalasi anati ndi wopepera m'mutu. Jim Cummins wa ku Canada anawerenga malipoti oposa 400 a ana otere, napeza kulakwa kumeneku kobwerezabwereza. M'1979 anasiyanitsa Cingelezi ca maceza, cimene nkhope ndi manja zicithandiza, ndi Cingelezi ca maphunziro, cimene ciima pa mau okha. M'1981, atapenda za ana a alendo mu Toronto, anasonyeza kuti coyambaco mwana acigwira m'zaka ngati 2, koma caciwirico cifuna zaka 5 kufika 7. Ndipo amenewo anali ana omva Cingelezi m'mseu, m'sitolo ndi pa wailesi tsiku lonse. Mwana wa kumudzi acimva kwa munthu mmodzi, maora owerengeka. Mphunzitsi wolandira mwana wocokera ku Lusaka kapena ku Kitwe, wothamanga lilime, acita bwino kumfunsa cifukwa cace mvula igwa, asanamuike patsogolo pa anzace ocedwa kuyankha.

Zophunzira zonsezi zinayamba kukumana m'mayeso a ana eni ace m'1997, pamene a ku Cambridge anaturutsa mayeso a ana ang'ono a makwerero atatu. Pa gawo la kulankhula mwana alowetsedwa ndi munthu womlongosolera m'cinenero cace cimene cidzacitika. Woyesa ayala cithunzi cacikuru, nayamba ndi kupempha mwana kuti aloze cinthu kapena aike kakhadi pa malo ena, ndiko kuyesa kumva mwana asanatsegule pakamwa. Mafunso ofuna liu limodzi atsata, ndipo a za mwini wace adza potsiriza. Pa khwerero loyamba zonse zitha m'mphindi 3 kufika 5. Palibe wolephera, mwana aliyense alandira satifiketi yosonyeza zimene wakhoza. Oyesa aphunzitsidwa ndi zitsanzo zojambulidwa, monga anayambira Roach.

Cotsekereza njira yotere m'sukulu ya kumudzi ndi masamu apafupi. Ana 60, aliyense mphindi 4, ndiwo maora 4 athunthu, ndipo pamene mmodzi alikuyesedwa ena 59 afuna wowayang'anira. Yankho lina linayesedwa m'dziko lino. Cikalata ca 1996 citabvomereza kuti mwana ayambe kuwerenga m'cinenero ca kwao, nchito ya Primary Reading Programme inayamba m'1999 ndi thandizo la Britain. M'Giredi 1 mwana anaphunzira kuwerenga m'Cinyanja kapena cinenero cina ca cigawo cace, ndipo Cingelezi anaciphunzira pakamwa pokha, m'maphunziro ochedwa Pathway to English. Kuwerenga Cingelezi kunayamba m'Giredi 2. Pa ora la kuwerenga kalasi linagawidwa m'magulu anai monga mwa liwiro la ana. Magulu atatu anapatsidwa nchito pa mipando yao, ndipo gulu limodzi linaitanidwa ku ngondya ya cipinda, kumene ana anakhala pa mphasa mozungulira mphunzitsi wao, pafupi ndi anzao a tsiku ndi tsiku. M'ngondya imeneyo liu la mwana wosakweza dzanja linatha kumveka lokha, losaphimbidwa ndi kalasi lonse. Kumene ana anapitirira 80 ndi cipinda cinali cothina, ngondyayo inasowa malo, ndipo aphunzitsi ambiri anabwerera ku bolodi.